Onyamula Nthawi: Mbiri ya Ntchito Yowongola Mawotchi Kuchokera ku Greenwich Kufika mu Kompyuta

Palibe wotchi imene imasunga nthawi yolondola payokha, chifukwa wotchi iliyonse, kaya ndi ya pakhoma, ya pamkono kapena ya mkati mwa kompyuta, imangowerenga kugunda kwa kanthu kena kamene kamachita zobwerezabwereza, ndipo kugundako sikufanana ndendende tsiku ndi tsiku. Kugundako kukafulumira pang'ono anthu amati wotchi ikuthamanga, kukachedwa amati ikutsalira, ndipo kusiyana kumene kumayamba ngati kanthu kosaoneka kumaunjikana mpaka kukwana mphindi zathunthu. N'chifukwa chake, chiyambire pamene anthu anayamba kudalira mawotchi pa malonda ndi pa maulendo, pakhala pali ntchito ina imene sitchulidwa kawirikawiri, yotenga nthawi pa wotchi yodalirika n'kukaipereka kwa mawotchi ena. Katswiri amene lero akufufuza chifukwa chimene kompyuta ya ku ofesi ikutayira masekondi akupitiriza ntchito yomweyi, ndipo njira zimene amatsata zimamveka bwino akaziika pambali pa njira za anthu amene anamutsogolera.

Nthawi ya pamlongoti, ya m'thumba ndi ya pawaya

Nyumba yopimira nyenyezi ya ku Greenwich, pafupi ndi mzinda wa London, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1675 pofuna kuthandiza oyendetsa sitima zapamadzi kudziwa pamene ali panyanja, ndipo akatswiri ake ankapeza nthawi poona mphindi imene nyenyezi zodziwika zadutsa mzere wongoganizira wochokera kumpoto kupita kummwera. Nthawi inali nkhani ya moyo ndi imfa kwa amalinyero chifukwa dziko limazungulira madigiri 15 pa ola limodzi, zomwe zikutanthauza kuti wotchi yolakwa ndi masekondi anayi okha inkasokeretsa sitima ndi mtunda wa pafupifupi makilomita awiri m'madera a pakati pa dziko. M'chaka cha 1833 pamwamba pa nyumbayi anaikapo mpira umene unkakwezedwa pamlongoti n'kugwetsedwa nthawi ya 1 koloko masana tsiku lililonse, kuti sitima zimene zinali pa mtsinje wa Thames ziziyerekezera mawotchi awo.

Chofunika kwambiri pa mwambo wa amalinyerowa n'chakuti iwo sankakonda kukhudza mivi ya wotchi yawo, koma ankalemba m'buku manambala awiri: kuchuluka kwa masekondi amene wotchiyo yalakwa pa tsikulo, ndiponso kuchuluka kwa masekondi amene imathamanga kapena kutsalira pa tsiku. Wotchi imene imatsalira ndi masekondi awiri tsiku lililonse mosasinthasintha inkatengedwa kuti ndi yabwino kuposa imene lero yathamanga ndi sekondi imodzi mawa n'kutsalira ndi itatu, pakuti kulakwa kodziwika kumachotsedwa ndi masamu pamene kulakwa kosinthasintha kulibe mankhwala. Nzeru imeneyi ndi imene patapita zaka zambiri inadzakhala maziko a kuwongola mawotchi a makompyuta.

Opanga mawotchi a mu London nawonso ankafuna nthawi ya ku Greenwich, ndipo m'chaka cha 1836 John Henry Belville, amene ankagwira ntchito pa nyumba yopimira nyenyeziyo, anayamba kuwatumizira wotchi ya m'thumba yopangidwa ndi John Arnold, imene inkakhala itayerekezedwa kaye ndi wotchi yaikulu ya pamalopo. Iye atamwalira mu 1856 mkazi wake Maria anapitiriza malondawa mpaka 1892, kenako mwana wawo Ruth anawatenga n'kuwayendetsa mpaka 1940, ali ndi zaka zoposa 80. Ruth ankapita ku Greenwich mlungu uliwonse, kumene ankapatsidwa chikalata chonena mmene wotchi yake yalakwira mpaka pa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndiyeno ankayendera makasitomala ake amene ankalipira kuti angoyang'ana wotchiyo ndi chikalatacho. Pamenepa panali kale dongosolo la magulu: nyenyezi zinkawongola wotchi ya ku Greenwich, iyo inkawongola wotchi ya a Belville, ndipo ya a Belville inkawongola mawotchi a m'masitolo amene anthu wamba ankatcherera awo.

Njanji zinakulitsa vutoli chifukwa kale tauni iliyonse inkatsata dzuwa lake, kotero kuti mzinda wa Bristol unkatsalira ndi mphindi pafupifupi khumi poyerekeza ndi London. Kampani ya Great Western Railway inayamba kugwiritsa ntchito nthawi ya London pa masiteshoni ake mu 1840, kuyambira 1852 nthawi ya ku Greenwich inayamba kutumizidwa pa mawaya a telegalafu, mu 1880 inakhala nthawi yovomerezeka ndi lamulo m'dziko la Britain, ndipo mu 1924 wailesi ya BBC inayamba kuulutsa timaphokoso tisanu ndi kamodzi tosonyeza kukwana kwa ola. Njira iliyonse yatsopano inafikira anthu ambiri kuposa yakale, koma inabweretsanso funso limene wotchi ya m'thumba inalibe, lakuti kodi chizindikirocho chachedwa nthawi yotalika bwanji panjira chisanafike kwa wochilandira.

Mwala wonjenjemera ndi atomu

Mu 1880 abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti mwala wa quartz ukapanikizidwa umatulutsa mphamvu ya magetsi, ndipo posakhalitsa zinadziwikanso kuti ukapatsidwa magetsi umasintha maonekedwe ake pang'ono, zomwe zimachititsa kuti kachidutswa kosemedwa bwino kazinjenjemera pa liwiro lokhazikika. Warren Marrison ndi J. W. Horton a ku Bell Telephone Laboratories anapanga wotchi yoyamba yodalira mwalawu mu 1927, ndipo mu 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa wotchi ya pamkono ya mtunduwu. Kamwala kamene kali m'mawotchi ambiri a masiku ano kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, nambala imene inasankhidwa chifukwa ikagawidwa pakati maulendo 15 motsatizana pamatsala kugunda kumodzi pa sekondi.

Kamwalaka nako sikangwiro, ndipo kulakwa kwake kumayezedwa m'magawo a miliyoni: kukhala kolakwa ndi magawo 20 pa miliyoni, zomwe sizachilendo pa timiyala totsika mtengo, kumatanthauza kutaya masekondi pafupifupi 1.7 pa tsiku, omwe ndi masekondi oposa 50 pa mwezi. Zifukwa zake ndi zitatu, zomwe ndi kusemedwa kosafika ndendende pa muyezo, kukalamba kwa mwalawo kumene kumasintha liwiro lake pang'onopang'ono, ndiponso kutentha, pakuti timiyala ta mtunduwu timapangidwa kuti tiziyenda bwino pa madigiri pafupifupi 25 ndipo timachedwa kukatentha kapena kukazizira kuposa pamenepo.

Muyezo weniweni wa sekondi unachoka kumwamba n'kulowa m'nyumba zofufuzira pamene Louis Essen ndi Jack Parry anapanga wotchi yodalira maatomu a caesium ku National Physical Laboratory, m'tauni ya Teddington, mu 1955. Mu 1967 mayiko anagwirizana kuti sekondi ndi nthawi imene mafunde ochokera ku atomu imeneyi amatenga kuti agunde ka 9,192,631,770, ndipo popeza kuzungulira kwa dziko sikukhazikika ngati atomu, kuyambira 1972 nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC yakhala ikuwonjezeredwa sekondi imodzi apo ndi apo kuti isatalikirane ndi dzuwa. Masekondi owonjezerawa akwana 27, ndipo yomaliza inawonjezeredwa pa 31 Disembala 2016.

Mawotchi awiri m'bokosi limodzi

Kompyuta ya IBM PC, imene inatuluka mu 1981, inalibe wotchi yopitiriza kuyenda makina akazimitsidwa, kotero kuti poyatsa inkapempha munthu kuti alembe tsiku ndi nthawi, ndipo akapanda kutero inkayamba kuwerenga kuchokera pa 1 Januwale 1980. Ili yoyaka inkasunga nthawi powerenga zizindikiro zimene kachipangizo kena kankatumiza maulendo pafupifupi 18.2 pa sekondi, ndipo pulogalamu ina ikatsekereza zizindikirozo kwa kanthawi, zina zinkatayika ndipo wotchi inkatsalira popanda kamwala kulakwa chilichonse. Mu 1984 kompyuta ya IBM PC/AT inabwera ndi kachipangizo ka Motorola MC146818, komwe kanali wotchi yokhala ndi kamwala kake ndi batire lake, ndipo kuyambira pamenepo makompyuta ambiri akhala ndi mawotchi awiri osiyana.

Wotchi yoyamba, ya batire, imayenda usana ndi usiku ngakhale magetsi atazima, koma imafunsidwa makamaka pa nthawi yoyatsa makina. Yachiwiri, imene mapulogalamu onse amadalira, ndi nambala chabe yosungidwa ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ndipo m'makina a mtundu wa Unix nambalayi ndi kuchuluka kwa masekondi amene adutsa kuchokera pa 1 Januwale 1970. Mavuto ambiri a nthawi mu kompyuta amachokera pa kusamvana kwa mawotchi awiriwa. Mwachitsanzo, Windows mwa chizolowezi imasunga nthawi ya m'deralo pa wotchi ya batire pamene Linux imasungapo UTC, ndipo kompyuta imene ili ndi zonse ziwiri ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kumene nthawi ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ikhoza kumalakwa ndi maola awiri enieni nthawi iliyonse imene mwini wake wachoka ku imodzi kupita ku inzake.

Mills ndi luso lofunsa nthawi pa intaneti

Makompyuta atayamba kulumikizana, kulakwa kwa wotchi kunasiya kukhala vuto la makina amodzi, chifukwa fayilo inkatha kuoneka ngati yasinthidwa isanalembedwe ndipo uthenga unkatha kuoneka ngati wafika usanatumizidwe. Njira zoyambirira, monga zimene zinalembedwa mu 1983 m'zikalata za intaneti zotchedwa RFC 867 ndi RFC 868, zinali zakuti kompyuta ifunse inzake nthawi n'kulandira yankho la masekondi athunthu, popanda kuganizira kuchedwa kwa panjira. David L. Mills, amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa University of Delaware ndipo anamwalira mu Januwale 2024, ndiye anakonza dongosolo lotchedwa Network Time Protocol, mwachidule NTP, limene linafotokozedwa koyamba mu RFC 958 m'chaka cha 1985, n'kukonzedwanso mu 1988, 1989, 1992 ndi 2010.

Mtima wa NTP ndi manambala anayi a nthawi amene amalembedwa pa ulendo umodzi wa funso ndi yankho: pamene funso lanyamuka, pamene lafika pa seva, kutanthauza kompyuta yopereka nthawi, pamene yankho lanyamuka, ndi pamene labwerera. Ngati, malinga ndi wotchi ya wofunsa, ulendo wonse watenga mamilisekondi 41, milisekondi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo seva inasunga funsolo milisekondi imodzi, ndiye kuti panjira papita mamilisekondi 40, omwe amagawidwa pakati n'kupeza 20 popita ndi 20 pobwera. Ndipo ngati seva inalemba kuti funsolo lafika mamilisekondi 320 pambuyo pa nthawi imene wofunsa analemba ponyamuka, zikuonekeratu kuti wotchi ya wofunsayo yatsalira ndi mamilisekondi 300. Masamuwa amadalira ganizo lakuti njira yopita ndi yobwera ndi zotalika mofanana, zomwe sizikhala choncho nthawi zonse, ndipo n'chifukwa chake seva yapafupi imapereka nthawi yodalirika kuposa yakutali.

Mills anasanja maseva m'magulu otchedwa stratum, mofanana ndi mndandanda wa ku Greenwich uja: gulu la 0 ndi mawotchi a atomu ndi zipangizo zolandira nthawi ku masetilaiti a GPS, gulu la 1 ndi makompyuta olumikizidwa mwachindunji ku zimenezi, gulu la 2 ndi amene amafunsa gulu la 1, mpaka kufika pa 15, ndipo nambala 16 imasonyeza makina amene sakutsata wotchi iliyonse. Popeza seva nayo ikhoza kunama, kompyuta imafunsa maseva angapo n'kutsata amene mayankho awo akugwirizana, pogwiritsa ntchito njira yochokera pa kafukufuku wa Keith Marzullo. Maseva awiri akasemphana palibe woweruza pakati pawo, motero akatswiri amalangiza kufunsa anayi kapena kuposerapo, kuti mmodzi akasokonekera otsalawo akhalebe ndi mboni zokwanira.

Kulakwa kukadziwika, pulogalamu ya Mills sithamangira kulumphitsa wotchi, chifukwa kubweza nthawi m'mbuyo kumasokoneza mapulogalamu amene amayembekezera kuti nthawi imangopita patsogolo. Kulakwa kochepera mamilisekondi 128 kumawongoledwa mwa kufulumizitsa kapena kuchedwetsa wotchi pang'ono, osapitirira magawo 500 pa miliyoni, kutanthauza kuti kuchotsa sekondi imodzi mwa njirayi kungatenge masekondi 2,000. Kulakwa koposa mamilisekondi 128 kukapitirira kwa kanthawi wotchi imalumphitsidwa. Ndipo kukaposa masekondi 1,000 pulogalamuyo imasiya kugwira ntchito n'kudikira munthu, poganiza kuti pali china chachikulu chimene chalakwika. Pamwamba pa izi, pulogalamuyo imaphunzira liwiro limene kamwala ka kompyutayo kamalakwira n'kulisunga mu fayilo, kuti ngakhale intaneti itaduka wotchi ipitirize kuwongoledwa ndi masamu, monga mmene amalinyero ankachitira ndi buku lawo.

Zimene zolakwika zinaphunzitsa

Sikuti kutaya nthawi konse kumachokera ku kamwala, ndipo umboni womvetsa chisoni wa mfundoyi unaoneka ku Dhahran, m'dziko la Saudi Arabia, pa 25 Febuluwale 1991, pamene makina a Patriot oteteza ku mizinga analephera kutchinga mzinga wa Scud ndipo asilikali 28 a dziko la America anafa. Makinawo ankawerenga nthawi m'magawo khumi a sekondi, koma gawo limodzi mwa khumi silingalembedwe ndendende m'manambala a 0 ndi 1 amene kompyuta imagwiritsa ntchito, kotero kuti kachidutswa kotayika pa kuwerenga kulikonse kanaunjikana kwa maola pafupifupi 100 mpaka kukwana masekondi 0.34, nthawi imene mzingawo unkayenda mtunda woposa theka la kilomita.

Phunziro lina linakhudza opereka nthawi. Mu 2003 seva ya University of Wisconsin ku Madison inathodwa ndi mafunso ochokera ku tizipangizo tambirimbiri togawira intaneti ta kampani ya Netgear, timene tinapangidwa kuti tizifunsa seva imodzi yokhayo, ndipo m'chaka chomwecho munayamba gulu la maseva a anthu ongodzipereka lotchedwa NTP Pool, limene limagawa mafunso kwa maseva ambiri. Pa 30 Juni 2012 sekondi yowonjezera inavumbula cholakwika m'mapulogalamu a Linux, makina ambiri anatanganidwa mpaka kulephera kugwira ntchito ndipo apaulendo a ndege za Qantas anachedwa, pamene kampani ya Google inali itayamba kale kumwaza sekondiyo pa maola ambiri kuti mawotchi ake asalumphe. Mu 2022 msonkhano wa mayiko woona za miyezo unagwirizana kuti mchitidwe wowonjezera sekondiwu usinthidwe pofika chaka cha 2035.

Kuchokera m'mbiri yonseyi munabadwa kafufuzidwe kamene akatswiri amatsata lero, komwe ndi kuyamba wayeza maonekedwe a kulakwako asanakhudze chilichonse. Wotchi yolakwa ndi maola athunthu imaloza ku kusankha molakwika dera la nthawi kapena ku kusamvana pa nkhani ya UTC. Yobwerera ku chaka chakale makina akayatsidwa imaloza ku batire lotha, limene m'makompyuta ambiri a pa desiki ndi laling'ono ngati ndalama yachitsulo, la mtundu wa CR2032. Yotsalira kapena kuthamanga mofanana tsiku ndi tsiku imasonyeza kuti kamwala kakuyenda popanda wokawongola, kawirikawiri chifukwa pulogalamu ya nthawi yazima kapena khomo nambala 123, limene mauthenga a NTP amadutsira, latsekedwa ndi zotchingira za netiweki. Ndipo yolumpha uku ndi uku imasonyeza kuti mapulogalamu awiri akulimbirana kuiwongola, kapena kuti kompyutayo ndi yongoyerekezera, yokhala mkati mwa ina, ndipo inayo imaiimitsa nthawi zina. Kufufuzaku si kwa chabe, pakuti dongosolo la Kerberos lotsimikizira anthu pa netiweki za m'maofesi limakana mwa chizolowezi makina osiyana ndi mphindi zoposa zisanu, manambala achinsinsi osinthasintha amakhala masekondi 30 okha, ndipo zikalata zachitetezo za pa intaneti zimakanidwa ngati wotchi ikusonyeza tsiku la kunja kwa nyengo yake.

Munthu wotsata mndandanda wa magulu a mawotchi uja kukwera nawo, kuchokera pa kompyuta ya pa desiki kudzera m'maseva mpaka ku masetilaiti, angayembekezere kukapeza pamwamba wotchi imodzi imene siwongoledwa ndi ina iliyonse, koma wotchi yoteroyo kulibe. Nthawi ya UTC imawerengedwa ndi bungwe la mayiko loona za miyezo, lomwe lili ku Sèvres pafupi ndi Paris, poyerekeza mawotchi a atomu mazana angapo a m'mayiko ambiri, ndipo zotsatira zake zimalengezedwa mwezi ndi mwezi m'chikalata chotchedwa Circular T, chimene chimauza malo ofufuzira aliwonse mmene nthawi yawo inalakwira m'mwezi wapitawo. Ngakhale mawotchi abwino koposa a padziko amalandira chikalata chonga chimene Ruth Belville ankanyamula pochoka ku Greenwich, chifukwa nthawi yolondola sinakhalepo katundu wa wotchi imodzi, koma ndi mgwirizano umene umakhalapo malinga ngati pali woyerekeza ndi wonyamula.